Lachisanu Loyera: Kodi Tikulira Yani?

Chaka chilichonse, mvula ikamatsazika ndipo chimanga chikamakhwima m'minda, pamafika Lachisanu lina limene maofesi a boma, masukulu ndi mabanki amatsekedwa m'Malawi ndi m'Zambia momwe. M'misewu ya m'mizinda ndi m'tinjira ta kumidzi timakumana ndi khamu la anthu likuyenda pang'onopang'ono pambuyo pa mtanda wamtengo. Amaima, nagwada, napemphera, nayambanso ulendo. Anthu amenewa ndi anansi athu, ndipo ena ndi abale athu a bere limodzi. Tsikuli amalitcha Lachisanu Loyera, ena amati Lachisanu Labwino, ndipo ndilo tsiku limene Akristu ochuluka padziko lapansi amalira imfa ya Ambuye Yesu.

Ife a mpingo wa Seventh-day Adventist sitiwerengera tsikuli pakati pa masiku opatulika. Mwana akatifunsa chifukwa chake, timafulumira kuyankha kuti Baibulo silinalamule, ndipo yankho limenelo ndi loona. Komatu kuyankha msanga kumatibisira funso lina lolemera koposa, limene limakhudza wosunga tsikuli ndi wosalisunga yemwe: kodi imfa ya Kristu iyenera kuliridwa motani? Kulipo kulira kumene kumafewetsa mtima wa wolirayo, ndipo kuliponso kulira kumene kumamtuma kukafuna wina woti amlange. Mbiri ya Lachisanu Loyera yasunga mitundu yonse iwiri, chotero tiyeni tiyambe ndi mbiriyo tisanaweruze.

Tsiku Lenilenilo

Olemba Uthenga Wabwino onse anayi agwirizana kuti Yesu anafa pa tsiku lokonzekera, ndilo tsiku lotsogolera Sabata (Mateyu 27:62, Marko 15:42, Luka 23:54, Yohane 19:31). Dzina limenelo silinafe ayi, pakuti kufikira lero Agiriki amatcha Lachisanu kuti Paraskevi, kutanthauza kukonzekera. Woweruza mlandu anali Pontiyo Pilato, kazembe wa Roma amene analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 kufikira cha 36 A.D. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amaika imfayo m'chaka cha 30 kapena cha 33. Ife, powerengera masabata makumi asanu ndi awiri a pa Danieli 9, timaiika m'chaka cha 31. Inali nyengo ya Paskha, pamene Yerusalemu anadzala ndi alendo odzakumbukira kuomboledwa kwa Israyeli m'dziko la Aigupto.

Marko atiuza kuti anampachika pa ora lachitatu, ndiyo 9 koloko m'mawa, ndi kuti mdima unagwa kuyambira pakati pa usana kufikira 3 koloko, pamene Ambuye anapereka mzimu wake. Ife amene tinazolowera maliro a kwathu, kumene mudzi wonse umagona pasiwa ndipo adzukulu amalawirira kumanda, tiyenera kuzizwa poona kuchepa kwa maliro a Mwana wa Mulungu. Ophunzira ambiri anali atathawa. Yosefe wa ku Arimateya ndiye analimba mtima nakapempha mtembo kwa Pilato, ndipo Nikodemo anadza ndi mure ndi aloe zolemera makilogalamu oposa 30. Anamuika mofulumira, popeza dzuwa linali litapendeka. Akazi a ku Galileya anaona manda, nabwerera kukakonza zonunkhira, napumula tsiku la Sabata monga mwa lamulo (Luka 23:55, 56).

Yesu atauka, sitipeza m'buku la Machitidwe kapena m'makalata a atumwi lamulo lililonse loti tsiku la imfa yake lizisungidwa chaka ndi chaka. Zikumbutso zimene anasiyira mpingo ndizo mkate ndi chikho, zolalikira imfa yake kufikira adzabwere (1 Akorinto 11:23-26), ndi ubatizo, umene wokhulupirira amaikidwa nawo m'manda pamodzi ndi Iye (Aroma 6:3-5).

Mmene Mwambowu Unayambira

Okhulupirira oyamba anali Ayuda, ndipo nyengo ya Paskha ikafika sakanatha kuiwala chimene chinachitika m'nyengo yomweyo. Paulo yemwe anatcha Kristu Paskha wathu (1 Akorinto 5:7). Kabuku kakale kotchedwa Didache, kamene kanalembedwa kumapeto kwa zaka zana loyamba kapena kuchiyambi kwa lachiwiri, kanalangiza Akristu kusala kudya Lachitatu ndi Lachisanu la mlungu uliwonse. M'zaka za zana lachiwiri mipingo inali kale ndi Paskha wa Chikristu kamodzi pachaka. Unali mwambo umodzi wokumbukira imfa ndi kuuka pamodzi, wotsogoleredwa ndi kusala kudya. Tertullian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, analemba kuti kusalako kunachokera pa mawu a Yesu onena za masiku amene mkwati adzachotsedwa (Marko 2:20).

Posakhalitsa panabuka mkangano wa tsiku. Mipingo ya ku Asiya inasunga Paskha pa tsiku la 14 la mwezi wa Chiyuda wa Nisani, tsikulo ligwere pakati pa mlungu kapena kumapeto, ndipo inati mwambowo inaulandira kwa mtumwi Yohane. Mpingo wa ku Roma ndi ina yambiri inkatsiriza kusala kwake pa tsiku la Sande. Cha m'ma 155 Polycarp, nkhalamba yotsogolera mpingo wa ku Smurna, anapita ku Roma nakambirana ndi bishopu Anicetus. Palibe amene anagonjetsa mnzake, komabe anadyera limodzi Mgonero nasiyana mumtendere. Patapita zaka ngati makumi anayi, bishopu Victor wa ku Roma anafuna kudula mipingo ya ku Asiya pa chifukwa chomwecho. Polycrates wa ku Efeso anakana kuopsezedwa, ndipo Irenaeus wa ku Lyon analembera Victor kumkumbutsa kuti ngakhale kusala kwenikweniko kunali kosiyanasiyana: ena ankasala tsiku limodzi, ena awiri, ena maora makumi anayi, koma makolo sanadane chifukwa cha zimenezo. Nkhani yonseyi anaisunga Eusebius wa ku Kaisareya m'mbiri yake ya mpingo.

Msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea, umene mfumu Constantine inaitanitsa m'chaka cha 325, unagamula kuti mipingo yonse izisunga Paskha pa tsiku limodzi. M'kupita kwa nthawi lamulo linakhazikika lakuti Paskha akhale Sande loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene uoneka pa 21 Marichi kapena pambuyo pake. Ndicho chifukwa chake Lachisanu Loyera limayendayenda pakati pa 20 Marichi ndi 23 Epulo. Mipingo ya Orthodox kawirikawiri imalisunga pa tsiku lina, popeza imawerengera pa kalendala yakale ya Julius Caesar.

Kusiyanitsa Lachisanu monga tsiku la maliro palokha kunakula makamaka mu Yerusalemu. Constantine anamangitsa tchalitchi chachikulu pamalo amene ankakhulupirira kuti ndipo panali Gologota ndi manda, ndipo chinatsegulidwa m'chaka cha 335. Alendo anayamba kudza kuchokera kutali, nafuna kukumbukira chochitika chilichonse pamalo pake ndi pa ora lake. Mmodzi wa iwo anali mkazi dzina lake Egeria, amene anakhala kumeneko pakati pa 381 ndi 384 nalembera anzake zimene anaona. Iye afotokoza kuti Lachisanu m'mawa bishopu ankakhala pa Gologota atagwira mtengo umene ankati ndi wa mtanda wa Ambuye, anthu nkumadutsa mmodzimmodzi ndi kuupsompsona, madikoni atauzinga, chifukwa munthu wina anauluma kale nathawa nako kachidutswa. Kuyambira pakati pa usana kufikira 3 koloko khamu linkaima pabwalo likumva kuwerengedwa kwa Masalmo, aneneri, makalata a atumwi ndi Uthenga Wabwino, ndipo akulu ndi ana omwe ankalira misozi. Taonani kuti m'tsiku limodzi lomwelo munali zinthu ziwiri: maora atatu a Malemba okhaokha, ndi kulemekeza chidutswa cha mtengo.

Kuchokera ku Yerusalemu mwambowu unafalikira, ndipo mtundu uliwonse unaupatsa dzina ndi maonekedwe ake. Agiriki amati Lachisanu Lalikulu. Ajeremani amati Karfreitag, kuchokera ku liwu lakale lotanthauza kulira maliro. Liwu la Chingerezi limene ena amalimasulira kuti Labwino linkatanthauza kale chinthu chopatulika. Mu mpingo wa Katolika pa tsikuli sipakhala nsembe ya Misa. Guwa limavulidwa nsalu zake, akristu amasala kudya ndi kuleka nyama, ndipo cha m'ma 3 koloko amawerenga masautso a Ambuye monga anawalembera Yohane. Njira ya Mtanda inafalitsidwa ndi a chipani cha Francis wa ku Assisi, ndipo Papa Clement XII ndiye anakhazikitsa chiwerengero cha malo oimapo 14 m'chaka cha 1731. A Lutheran analisunga tsikuli ndi ulemu waukulu; Johann Sebastian Bach anaimbitsa koyamba nyimbo yake ya masautso a Kristu monga mwa Yohane mu Leipzig pa Lachisanu Loyera la 1724. Ku Ethiopia tsikuli limatchedwa Siklet, ndipo anthu amagwada ndi kugunditsa mphumi pansi kambirimbiri. Ku San Pedro Cutud, m'dziko la Philippines, alipo ena amene amadzikhomeretsa pamtanda ndi misomali yeniyeni, ngakhale mabishopu a Katolika a kumeneko amaletsa mchitidwewo.

Kodi Chisoni Chingapatsidwe Tsiku?

Wina angati: chisoni chenicheni chimadza chokha, sichiyang'ana kalendala, tingalamule bwanji mtima kuti ulire pa 3 koloko? Funso limeneli lili ndi mphamvu, koma tisalilandire mosaganiza. Munthu ndi woiwala. Banja limene linaika kholo lake limasonkhananso patapita chaka kudzaika mwala pamanda, ndipo palibe amene amati misozi ya tsiku limenelo ndi yabodza. Dziko la Malawi linapatula 3 Marichi kukumbukira amene anaphedwa m'chaka cha 1959. M'Baibulo momwemo tipeza masiku amene anthu anawakhazikitsa popanda lamulo la Mose: Purimu m'masiku a Estere, ndi phwando la kukonzanso Kachisi, limene Yesu anapezekapo (Yohane 10:22, 23). Chotero kupatula tsiku lokumbukira si tchimo mwa iko kokha.

Komabe makolo athu amatiuza mmene 3 Marichi analili m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wopezeka akugwira ntchito kapena kusangalala ankaopa kugwidwa. Nkhope zonse zinali zachisoni, koma ndani akanatha kusiyanitsa wolira ndi woopa? Apa ndipo pali ngozi ya tsiku loikika. Likasanduka lamulo, limabala nkhope yamaliro yopanda mtima wamaliro. Ndipo likasanduka malipiro, munthu amayesa kuti njala ya tsiku limodzi yafafaniza machimo a chaka chathunthu. Ena mwa okonzanso mpingo anaona ngozi imeneyi. Buku la dongosolo la mapemphero la ku Westminster, limene mpingo wa ku Scotland unalilandira m'chaka cha 1645, linati masiku a zikondwerero opanda maziko m'Mawu a Mulungu alekeke. Yesu yemwe anachenjeza za kuphunzitsa malangizo a anthu monga ngati ndi malamulo a Mulungu (Marko 7:7, 8).

Malemba ali ndi nkhani imene ifanana kwambiri ndi funso lathu. M'chaka chachinayi cha mfumu Dariyo, anthu a ku Beteli anatuma amithenga kukafunsa ansembe ndi aneneri ngati ayenera kupitiriza kulira ndi kusala m'mwezi wachisanu, monga anachitira zaka zambiri pokumbukira kutenthedwa kwa Kachisi (Zekariya 7:1-10). Linali tsiku la maliro limene anthu anadziikira okha. Mulungu sanayankhe kuti pitirizani, ndipo sanayankhe kuti lekani. Anawabwezera funso, ngati kusala kwa zaka makumi asanu ndi awiri kunali kwa Iye kapena kwa iwo eni. Atatero anawauza chimene afuna: kuweruza koona, chifundo kwa mbale, ndi kuleka kusautsa mkazi wamasiye, mwana wamasiye, mlendo ndi waumphawi. Muyeso wa tsiku la maliro, tsono, ndiwo chimene limachita ndi mtima wa wolirayo, ndi mmene wolirayo amachitira ndi mnansi wake wopanda mphamvu. Tiyeni tiyese Lachisanu Loyera ndi muyeso umenewu, ndipo tidziyese nawo ifenso.

Kulira Kofuna Wolakwa

Imfa ikagwa, mtima wa munthu umafunsa msanga kuti, wachita ndani? Akristu sanachedwe kufunsa funso limeneli pa imfa ya Ambuye wawo, ndipo yankho limene anapeza linabala zowawa zosaneneka. Melito, bishopu wa ku Sarde, analalikira ulaliki wa Paskha cha m'ma 170 umene ufotokoza mokoma za Kristu monga Mwanawankhosa, koma mu ulaliki womwewo anasenzetsa mtundu wonse wa Israyeli mlandu wakupha Mulungu. Kalata ya Constantine yolengeza chigamulo cha ku Nicaea inapereka monga chifukwa china chakuti Akristu asakhale ndi kanthu kofanana ndi Ayuda. Mbewu imeneyo inamera. M'chaka cha 1144 mnyamata wina anapezeka atafa kunja kwa mzinda wa Norwich ku England m'nyengo ya Paskha, ndipo mmonke Thomas wa ku Monmouth analemba pambuyo pake kuti Ayuda anamupha potsanzira kupachikidwa kwa Kristu. Bodza limenelo linayenda m'maiko a ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri, ndipo anthu osalakwa anafa nalo. Msonkhano wachinayi wa ku Lateran, m'chaka cha 1215, unalamula kuti Ayuda asaoneke poyera m'masiku olira imfa ya Ambuye. M'nyengo ya Paskha ya 1389 Ayuda ochuluka anaphedwa mu mzinda wa Prague. Kwa mabanja a Chiyuda mlungu umenewu unasanduka wotseka zitseko ndi kubisa ana.

Tiyenera kunenanso moona kuti zinthu zinasintha. M'chaka cha 1959 Papa John XXIII anachotsa m'pemphero la Lachisanu Loyera liwu limene linkatcha Ayuda osakhulupirika, ndipo m'chaka cha 1965 msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unalengeza kuti imfa ya Kristu isawerengedwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena pa Ayuda a lero. Koma funso likhalabe: zinatheka bwanji kuti anthu atuluke m'nyumba ya Mulungu misozi ili m'masaya, atangomva za Iye amene anapempherera ompachika (Luka 23:34), ndi kukatola miyala?

Tisafulumire kuloza chala ku Ulaya, pakuti kulira kotereku tikukudziwa kwathu kuno. Mwana akafa mwadzidzidzi, kangati anamfedwa asanapukute misozi wina wayamba kale kunong'ona dzina la gogo wa kuseri kwa mudzi? Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi khamu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la dziko la Malawi la chaka cha 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe nkhalamba zikupitirira kuthamangitsidwa, kutenthedwa nyumba ndi kuphedwa. Ophawo si anthu osadziwa kulira ayi. Chisoni chawo ndi chenicheni, koma chalemera, ndipo afuna mutu wa wina woti achitulirepo. Ambiri a iwo ali ndi maina m'mabuku a mipingo.

Baibulo silitilola kutula imfa ya Kristu pamutu pa mtundu umodzi. Mpingo woyamba popemphera unatchula Herode, Pilato, amitundu ndi anthu a Israyeli pamodzi (Machitidwe 4:27), ndiko kunena kuti mfumu, boma, asilikali ndi opembedza onse anaikapo dzanja. Yesu mwini ananena kuti palibe womlanda moyo wake, koma autaya mwa kufuna kwake (Yohane 10:17, 18). Yesaya anati chimene chinamlasa ndicho zolakwa zathu (Yesaya 53:5). Yesu anali Myuda. Amake, atumwi onse, Yosefe, Nikodemo ndi akazi okhulupirika aja anali Ayuda. Wofunafuna wakupha Kristu kunja kwa mtima wake sanamvetse chifukwa chimene Kristu anafera.

Kulira kwa Chifundo Chabe

Ulipo mtundu wina wa kulira umene suvulaza munthu, koma suchiritsanso. Pamene Yesu anali kupita ku Gologota, akazi ambiri anamtsata akudziguguda pachifuwa ndi kumlira. Iye anapotoloka nawauza kuti misozi yawo iyenera iwo eni ndi ana awo koposa Iye, popeza masiku oopsa anali kudzera mzinda wawo (Luka 23:27-31). Patapita zaka zosakwana makumi anayi, m'chaka cha 70, ankhondo a Roma anapasula Yerusalemu. Yesu sananyoze chifundo chawo. Ndi iwo okha amene anamlira poyera m'njira monsemo. Koma anaona kuti anali kumlira monga tilirira munthu wabwino amene wagwa m'manja mwa oipa. Kulira kotero kumasiya wolirayo ali woonerera. Amatha kumva za minga ndi misomali, nagwetsa misozi, nabwerera kwawo ali munthu yemwe uja, mwinanso akudziyesa wokoma mtima chifukwa walira.

Paulo asiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chimene chibala kutembenuka mtima, ndi chisoni cha dziko lapansi, chimene chibala imfa (2 Akorinto 7:10). M'usiku ndi m'mawa wa Lachisanu lija munali anthu awiri amene aonetsa kusiyanaku. Yudase anamva chisoni, navomereza kuti wapereka mwazi wosalakwa, nabweza ndalama. Koma anapita ndi chisoni chake kwa ansembe amene sanasamale za iye, ndipo potsiriza anadziweruza yekha (Mateyu 27:3-5). Petro anakana Ambuye katatu, ndipo Ambuye atamyang'ana anatuluka nalira misozi yowawa (Luka 22:61, 62). Sanaloze Yudase, ngakhale mlandu wa Yudase unaoneka waukulu, sanalozenso Kayafa. Analira tchimo lake, nakhalabe pakati pa abale kufikira Ambuye anamfuna.

Petro yemweyo ndiye anaimirira pa tsiku la Pentekoste nauza khamu mosabisa kuti Yesu amene anampachika ndiye Ambuye ndi Kristu. Sananene zimenezi kuti omverawo aphedwe. Anali Myuda wolankhula ndi Ayuda anzake, wokana Ambuye wolankhula ndi okana Ambuye, ndipo pamene analaswa mtima anawaitanira ku kulapa ndi ubatizo; anthu ngati zikwi zitatu anawonjezeka tsiku lomwelo (Machitidwe 2:36-41). Uku ndiko kulira kumene Zekariya ananeneratu, kwa anthu openya Iye amene iwo eni anampyoza, ndipo pambuyo pake kasupe wotsuka tchimo atsegulidwa (Zekariya 12:10, 13:1).

Nanga Ife?

Kusasunga Lachisanu Loyera sikutipulumutsa ku zolakwa ziwiri zija. Tikhoza kuima m'mbali mwa msewu, kupenya anansi athu akugwada m'fumbi, ndi kuyamika Mulungu mumtima kuti ife sitili monga iwo. Tikatero taloza chala ifenso, ndipo tafanana ndi Mfarisi wa m'fanizo (Luka 18:9-14). Tili ndi zifukwa zokwanira zosatcha tsikuli lopatulika, pakuti Mulungu yekha ndiye apatula tsiku, ndiponso sitigwadira mtanda wopangidwa ndi manja. Zimenezi tizinene poyera ndi mofatsa. Koma mayi wokalamba amene wayenda mtunda wautali osadya, akulingalira za Mpulumutsi wake, mtima wake auona ndi Mulungu. Ndipo Paulo atichenjeza kuti tisaweruze mtumiki wa mwini pa nkhani ya masiku ndi zakudya (Aroma 14:4-6). Ngati Polycarp ndi Anicetus anatha kusiyana maganizo osadana, ifenso tikhoza kutero.

Funso lolasa ndi ili: iwo amalira tsiku limodzi pachaka, nanga ife, amene tikuti tili ndi zikumbutso za m'Malemba, timalira liti? Mgonero wa Ambuye umachitika pakati pathu kawirikawiri kamodzi pa miyezi itatu. Abusa ndi akulu a mpingo adziwa kuti pa Sabata limenelo, ikafika nthawi yosambitsana mapazi, ena amatuluka mwakachetechete osabweranso. Kawirikawiri chowatulutsa ndi mbale amene sanalankhulane naye chiyambire mkangano wa malire a munda, kapena tchimo limene safuna kulisiya. Beseni ndi chopukutira zimafunsa funso lomwe lija la Zekariya. Munthu sangagwade kusambitsa mapazi a amene akumnenera ufiti.

Tilinso ndi Lachisanu mlungu uliwonse. Tikamasita zovala, kuphika ndi kusesa pokonzekera Sabata, tili m'tsiku lomwelo limene Ambuye anapachikidwa. Ndipo dzuwa likamalowa, banja litasonkhana kulandira Sabata, tili pa nthawi imene thupi lake linali litangoikidwa m'manda a Yosefe. Mlengi amene anatsiriza ntchito yake tsiku lachisanu ndi chimodzi napumula, ndiye Mombolo amene anatsiriza nsembe yake pa tsiku lomwelo napumula m'manda. Ellen G. White, m'buku lake la The Desire of Ages limene linatuluka m'chaka cha 1898, analangiza kuti tipatule nthawi tsiku lililonse yolingalira moyo wa Kristu, makamaka zochitika zotsiriza. Banja limene liwerenga Yesaya 53 kapena Yohane 19 potsegula Sabata silisowa tsiku lina loliuza kuti likumbukire.

Ndipo tchuti cha Lachisanu Loyera chikafika, tisachiyese tsiku lopanda kanthu. Ndi nthawi imene anansi athu ali okonzeka kukamba za mtanda koposa nthawi ina iliyonse. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Tikhoza kukhala nawo pansi, kutsegula Baibulo pamodzi, ndi kuyamba ndi chimene tigwirizana, chakuti Kristu anafera machimo athu, naikidwa, nauka. Tikhozanso kukaona nkhalamba ija imene mudzi waiika kumbali, ndi kuima pakhomo pake tsiku limene khamu lidzadza.

Akazi a ku Galileya anapumula Sabata lija ndi chisoni chachikulu, zonunkhira zawo zili zokonzeka. M'bandakucha wa tsiku loyamba anapita nazo kumanda, koma sanapeze mtembo woti audzoze. Ife tidziwa chimene iwo sanachidziwe Lachisanu madzulo, chotero sitilira Kristu monga wakufa. Chotsala choti tilire ndicho tchimo lathu limene linampachika, ndipo amene alira chotero ali nalo lonjezo la chitonthozo (Mateyu 5:4).

Mafunso Okambirana

1. Werengani Zekariya 7:1-10. Kodi ndi miyambo iti ya mpingo wathu imene Mulungu angatifunse ngati timaichitira Iye kapena ife eni?

2. Pa maliro m'mudzi mwanu wina akayamba kutchula dzina la munthu amene akumganizira kuti ndiye wapha, kodi Mkristu anene chiyani, ndipo achite chiyani?

3. Yudase ndi Petro onse anavomereza kulakwa kwawo. Nchiyani chinasiyanitsa mathero awo, ndipo tingathandize bwanji mbale amene chisoni chake chikumtengera njira ya Yudase?